Amene Ankakoka Pansi

Utuchi ndiwo unayamba kuoneka. Veronica anaupeza m'mawa wina akusesa pakhomo pa nyumba yake ya lendi ku Ndirande: woyera, wonyowa, wonunkhira bulugama wongochekedwa kumene, utandandalika kuchokera kunjira mpaka pachitseko ngati ufa wotayika m'thumba lobooka. Anausesa osaganizapo kanthu. M'mawa mwake anaupezanso. Chomwe chinamuimitsa ndi tsache m'manja n'chakuti pamzere wonse wa nyumba zija panalibe kalipentala, ndipo mzere wa utuchiwo unkathera pakhomo pake pokha.

M'nyumbamo ankakhala anthu awiri, iye ndi bambo ake, a Rafaeli. Mkuluyu anabwera m'tauni zaka zija za matipate, fakitale yocheka matabwa ya kwawo kumapiri itatsekedwa. Fakitaleyo ndiyo inali mtima wa dera lonse. Itangosiya kulira, golosale inatseka, lole yomwe inkanyamula anthu ndi nthochi inaleka kubwera, achinyamata ena anathawira m'tauni, otsala n'kuyamba kuotcha makala. A Rafaeli anafika ku Ndirande ndi kachikwama komanso chinthu chachitali chokulunga m'ziguduli, chomwe anachilowetsa kunsi kwa bedi. Kuyambira pamenepo anali munthu wa zii. Tsiku lonse ankangokhala pakhonde, manja ali pamaondo, kuyang'ana phiri la Ndirande lomwe anthu anali kulimeta tsiku ndi tsiku.

Kenaka kunabwera phokoso. Linkayamba tambala woyamba asanalire, nthawi imene ngakhale agalu a m'tauni amatopa n'kuuwa, ndipo linkachokera kumtunda, kuchigwembe chomwe chili kuseri kwa nyumba zomalizira. Khwee, khwaa. Khwee, khwaa. Silinkafulumira, silinkapuma. Mphepo ikatembenuka linkamveka ngati munthu wodwala akupuma movutikira kuseri kwa khoma. Veronica ankaligonera ndi tulo ta munthu wotopa ndi kugulitsa kaunjika, koma anzake pamzerepo sankagona.

"Anzanga, inu simukumva?" anamunong'oneza tsiku lina a Idah, eni nyumba zija, atakumana pampopi. "Kukhala ngati akucheka m'mutu mwanga muno."

"Mwina ndi anthu akuba mitengo kuphiri."

"Mitengo yake iti? Phiri lija latsala dazi ngati mutu wa apongozi anga." A Idah anaseka pang'ono, kenaka nkhope inagwa. "Anthu akuti pali wina akukhomera mabokosi anthu amoyo. Akuti akamaliza bokosi, mwini wake amangogona osadzuka. Amuna anga akutsokomola, mukuwamva inunso. Ndiye utuchi uja umathera pakhomo panu, mayi. Ine sindikunena kanthu. Koma anyamata a kumsikaku ayamba kulankhula za petulo. Madala anuwo muwapezere kwina."

Zinali zaka za maliro ambiri, mashopu a mabokosi atachuluka m'mbali mwa msewu kuposa ogulitsa mipando. Mawu ngati amenewo sankachedwa kusanduka miyala. Veronica anabwerera kunyumba ndowa ili pamutu, mtima uli m'malere, akupempha Mulungu kuti amusungire bambo ake.

Madzulo ake anadzera kwa a Abdula, kalipentala wachikulire wa pafupi ndi msika, yemwe kale ankagula matabwa a fakitale ija.

"Ndimalimva ndikadzukira swala, pemphero lathu la m'mamawa," anatero a Abdula akupukuta manja. "Koma imeneyo si sowo ya kalipentala, mwana wanga. Ndi sowo ya anthu awiri, ija ankachekera makolo makina asanabwere. Chipika amachigoneka pamwamba pa dzenje. Wina amaima pachipikapo, kuongola mzere ndi kukweza sowo. Wina amalowa m'dzenje, ndipo ameneyo ndiye amakoka, ndiye amadula. Mukamvetsera bwino, kukwera kumapepuka, kutsika kumalemera. Amene akukoka kumeneko ndi munthu wamphamvu, komanso wodziwa. Ine ndikanakonda kumuona. Anthu otere anatha."

Atafika kunyumba, bambo ake ali kubafa, Veronica anagwada n'kusolola chokulunga chija. Inalidi sowo, yaitali kuposa munthu, zigwiriro kuwiri. Mano ake ankanyezimira, onoledwa kumene, ndipo pakati pa manowo panali utuchi wonyowa.

Usiku umenewo sanagone. Anakhala tsonga mumdima, kolona ili m'manja, kumvetsera madenga a malata akuthetheka ndi kuzizira. Pa nthawi yake anamva bedi likulira, chitsulo chikukhudza simenti, chitseko chikutseguka mwaulemu ngati munthu wosafuna kudzutsa mwana. Anawerenga Tikuoneni Maria mmodzi, anatenga tochi, n'kutsatira.

Njira inali yoterera ndi mame. Anadutsa nyumba zomalizira, minda ya chimanga chouma, mpaka phokoso lija linamukuta mbali zonse. Mphepo ya mvula yapitayo inali itagwetsa bulugama wamkulu, n'kumugoneka mopingasa chigwembe ngati mlatho. Pamwamba pa mtengowo, kumwamba kutangoyamba kutuwa, panaima bambo ake, msana uli chilili, miyendo itatangadza. Sanali nkhalamba ya pakhonde ija. Ankakweza sowo m'mwamba, kenaka sowoyo inkatsika yokha ndi mphamvu, kulowa mumdima wa m'chigwembe momwe simunkaoneka kanthu.

"Ababa," anaitana motsitsa.

Sowo inaima.

"Usawalitse m'munsimo," anatero a Rafaeli osatembenuka. "Wapansi safuna kuwala. Amayang'ana m'mwamba, utuchi n'kumulowa m'maso."

"Muli ndi ndani, ababa?"

"Ndikhalanso ndi ndani? Ndi Ambrosi."

Veronica anatsitsa tochi. A Ambrosi anali mnzawo wa bambo ake kuyambira ali anyamata. Anachekera limodzi m'dzenje, n'kulembedwa limodzi ntchito fakitale itabwera. Koma mayi wina wobweretsa zinanazi kumsika anali atamuuza Veronica, nyengo yozizira isanayambe, kuti a Ambrosi anamwalira. Ndipo poti fakitale ndiyo inkapereka bokosi kwa wantchito aliyense, iwo anaikidwa atakulungidwa mumphasa, m'dera lomwe mitengo inkaphimba dzuwa. Veronica anabisa nkhaniyo, poopa kuti ingawamalize bambo ake.

"Wandiuza kuti iwe unamva kale," anapitiriza a Rafaeli, mawu awo opanda mkwiyo. "Sindikukudzudzula. Koma ife tinapangana tili m'dzenje, ndevu zisanamere, kuti woyamba kupita, mnzake adzamuchekera matabwa. Ndiye munthu sacheka yekha. Wabwera kudzandithandiza."

M'chigwembemo munali zii. Kenaka kamtsinje ka utuchi kanatsetsereka kuchokera pachipika, ngati wina wasasa m'mutu.

Kutacha, Veronica anakaitana a Abdula. A Idah anawaona akudutsa ndipo anawatsatira pamodzi ndi anthu ena, ena atatola miyala m'njira. Onse anaima m'mphepete mwa chigwembe n'kusuzumira. Pansi ponse panali utuchi wokhuthala ngati ufa pamphasa. Malo awiri okha ndiwo anali dothi lenileni, pansi penipeni pa sowo: malo a mapazi awiri, otangadza, aakulu, opanda nsapato. Panalibe mapazi olowa, panalibenso otuluka.

Miyala ija inagwa yokha m'manja. A Idah anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Ndiye si za amuna anga?" anafunsa.

"Amuna anuwo apite kuchipatala, mayi," anayankha a Rafaeli. "Ife sitiwadziwa n'komwe."

A Abdula anali atatsikira pomwe matabwa anasanjidwa pansi pa thengo. Anawasisita ndi chikhatho, kuwayang'ana m'mphepete ndi diso limodzi, n'kupukusa mutu posilira. Kenaka anamuitanira Veronica pambali.

"Ntchito iyi makina sangaipose," ananong'ona. "Koma matabwa awa apitirira bokosi limodzi. Apa pakutuluka awiri."

A Rafaeli anamva. "Ake a Ambrosi tinamaliza kale," anatero modekha. "Enawa akuti ndi anga. Latsala thabwa limodzi. Akuti kumudzi kulibenso chotsalira, tingopumira limodzi."

Veronica sanalire. Anagwada pa udzu wonyowa patsogolo pa bambo ake, monga ankachitira ali mtsikana powapatsa madzi.

"Ababa, a Abdula akuti anthu odziwa sowo imeneyi anatha. Nanga inu mukapita, mudzaisiyira ndani? Ana a kwathu akuotcha mitengo yonse kukhala makala chifukwa palibe anawaonetsa kuti thabwa limatuluka popanda makina. Akamwalira enanso, adzawakulunganso mumphasa? Auzeni a Ambrosi zimenezo. Iwo mphasa akuidziwa."

Mkuluyo anayang'ana malo a mapazi aja. Kenaka anasendera m'mphepete, anawerama, n'kulankhula m'chigwembe chopanda munthu, dzuwa litatuluka kale, anthu onse akumva.

"Wamumva mwanayu, Ambrosi? Pakamwa ngati mayi ake. Ndidikire pang'ono, mnzanga. Ana sanaphunzire."

Anakwera pachipika n'kuzula sowo mumng'alu momwe inali, thabwa lomaliza lija n'kulisiya losatha.

Tsiku lomwelo, poti Veronica sanafune kuti matabwa a bokosi la bambo ake agone usiku wina ali matabwa, a Abdula anawapala n'kukhoma mabenchi. Pa matabwa a Ambrosi anapangapo mtanda wa pamanda ndi chitseko cha mkazi wawo wamasiye. Sanalole kulandira kanthu. Veronica anaperekeza bambo ake kumudzi pa lole ya makala yomwe inkabwerera yopanda katundu, mabenchi, mtanda ndi chitseko zili kumbuyo, sowo ili pamiyendo pawo. Ku Ndirande phokoso lija silinamvekenso, ndipo a Idah anasiya kutchula za petulo.

Fakitale sinatsegulidwenso. Koma kuseri kwa mpanda wake wadzimbiri a Rafaeli anakumbitsa dzenje, ndipo anyamata angapo anasiya makala n'kubwera kudzakhala pa mabenchi aja, kudikira nthawi yawo. Mkuluyo anaika lamulo loti wogwetsa mtengo adzale ina, ndipo thabwa loyamba la chipika chilichonse lizisungidwira maliro a m'mudzi. Si zambiri, koma pakhomo pena pali mchere chifukwa cha zimenezo, Mulungu alemekezeke.

Veronica atapitako pa Khirisimasi anapeza bambo ake atanenepa, ali pamwamba pa chipika, akukalipira mnyamata wokhotetsa mzere. Chimodzi chokha ndicho chinamudabwitsa. Ntchito ya m'dzenje ndi imene aliyense amaithawa, koma anyamata aja ankalimbirana kulowamo. Anafunsa mmodzi, ali mbuu ndi utuchi, chifukwa chake.

"Pansipo sipatopetsa, achemwali," anatero mnyamatayo akuseka. "Ukangogwira chigwiriro, sowo imatsika yokha. Ndiye chigwirirocho chimakhala chofunda kale, ngakhale ukhale woyamba kufika m'mawa."