Phewa la Anwari

Tsiku limene anaika maliro a Che Abdulmajidi, ku Tabata, mumzinda wa Dar es Salaam, kunatentha mpaka usiku. Amayi ogona pasiwa anayala mikeka panja kuti apitidweko mphepo. Shufaa, mwana woyamba wa malemuwo, anatsala yekha m'nyumba, akupinda zovala za bambo ake.

Mlongo wake Anwari sankadziwa kanthu. Iye anali ku Korea, kumene yunivesite ina inamuitana miyezi ingapo kuti akafufuze mmene maboma a ku Asia amasamalira okalamba. Mwayi umenewu anaufunafuna zaka zambiri. Bambo ake, amene anakalambira pa ntchito yogulitsa nyama ku Vingunguti, ankauza aliyense wodzagula kuti mwana wawo waitanidwa kunja.

Matenda atakula, mkuluyo anagwira dzanja la Shufaa. "Usamuuze. Amalize kaye. Akamva asiya zonse, ndipo sadzamuitananso."

Shufaa analonjeza.

Pakati pa usiku magetsi anazima. Panja nyimbo ya zikiri inali itatha, amayi onse atagona. Kenaka kukhomo lakuseri kunamveka mawu.

"Odi."

Shufaa anatsegula. M'nyumba munalowa kuzizira kumene sanakumvepo chibadwire. Pakhomo panaima Anwari, atavala chijasi chachikulu. Pamapewa pake panali zoyerayera zimene zimagwa kumaiko ozizira, zikusungunuka.

"Achemwali, zovala zawo mwayamba kale kulongedza?"

Shufaa anamuyang'anitsitsa. Anwari anabadwira mu Dar es Salaam momwemo. Chichewa ankangochimva, koma poyankha ankayankha Chiswahili, ndipo mlongo wakeyo ankamutchula kuti dada, osati achemwali. Usiku umenewo ankalankhula ngati munthu wakumudzi kwa bambo awo ku Mangochi.

Anamudutsa, nalowa kuchipinda kwa bambo awo. Anakhala pabedi, koma bedi lachitsulo lija silinalire. Anasisita pilo. Misozi inkangotsika.

"Ndinathamanga," anatero. "Ndawapeza ali kale m'njira."

Shufaa anapita kukafuna machesi. Pobwera anapeza chipinda chili mbee. Pansi panali timadzi tozizira. Anadzutsa amayi aja, koma palibe amene anaona munthu akulowa kapena kutuluka.

Kutacha foni inalira. Anali Anwari, akulankhula Chiswahili chake cha masiku onse.

"Dada, ndadzuka ngati andimenya. Phewa lakumanja latupa, ngati ndasenza katundu usiku wonse. Baba ali bwanji? Apatse foni."

Shufaa anayang'ana bedi lopanda munthu.

"Agona."

"Usawadzutse. Ukawauze kuti lero ndikaima pamaso pa aphunzitsi onse kufotokoza zimene ndapeza. Andipempherere."

Foni itaduka, Shufaa anakhala pansi n'kulira maliro achiwiri.

Masana kunabwera a Ridhiwani, mnzawo wa malemuwo wa kumzikiti. Anakhala pansi, akutembenuza chipewa chawo cha kofia m'manja.

"Mwanangu, dzulo popita kumanda panali mlendo. Dzuwa lonse lija, iye atavala chijasi. Ponyamula maliro pa jeneza timalandirana, aliyense pang'onopang'ono. Koma uyu atagwira chakumutu, sanalole kulandiridwa mpaka kumanda. Titafotsera tinamufuna kuti timuthokoze. Palibe amene akukumbuka nkhope yake."

Nkhaniyi inayenda m'makwalala a Tabata monong'ona. Ena ankati mwana wamwamuna sangabisidwe maliro a bambo ake, magazi amamva okha. Ena ankati mkuluyo ndiye analephera kupirira, anachita kukamutenga mwana wake.

Shufaa akusungabe lonjezo lake. Anwari akupitirizabe kafukufuku wake, ndipo phewa lija akuti silikupola. Madzulo alionse amaimba foni, kufunsa ngati baba adzuka.