Munthu wa Nambala 20

Anakumana tsiku limene firiji ya mu labotale inafa. Namano, dzina limene anzake a kuntchito anamupatsa chifukwa sankatha mphindi zisanu osatchula mano, anali pafupi kulira, poti m'firijimo munali ntchito yake ya miyezi inayi. Mmisiri amene anabwera kudzaikonza anali wamtali, wolongolola, ndipo asanatsegule n'komwe bokosi la zipangizo anali atafunsa kale kuti m'timbale tagalasito muli chiyani.

Namano anamufotokozera. Tizilombo ta m'kamwa timamatirana n'kupanga utoto woterera pa dzino. Munthu akamakula nkhama zimatsika, muzu wa dzino umakhala pamtunda, ndipo utoto uja umaudya msanga chifukwa muzu ndi wofewa. Iye ankayesa mankhwala ochukuchira m'kamwa oti aletse zimenezi.

"Ndiye kuti mumaweta tizilombo?" Mmisiri anaseka. "Bwanji osaweta ine? Sindiboola mano."

Nthabwala yake inali yosakoma, koma firiji inayambanso kulira, ndipo Namano anapezeka atapereka nambala ya foni.

Chaka chinatha ali m'chikondi chozama. M'mawa uliwonse uthenga unkafika: "Wadzuka bwanji, shuga wanga wosawononga mano?" Ndipo tsiku lina, atamugwira manja onse awiri, Mmisiri analonjeza kuti, "Sindidzakubisira kanthu, mtima wanga."

Kuntchito ndi kumene zinthu zinathina. Kafukufuku ankafuna anthu makumi awiri odzipereka. Aliyense ankayenera kuvala kapulasitiki m'kamwa, komatidwa tizidutswa ta mizu ya mano, kwa masabata awiri osagwiritsa ntchito mankhwala otsukira mano. Ndani angalole zimenezo? Anapezeka khumi ndi asanu ndi anayi okha, ndipo abwana ananeneratu kuti akapanda kukwana, ntchito iyima. Namano anadandaulira wokondedwa wake kamodzi kokha.

Patatha masiku atatu, anesi achikulire amene ankalemba anthuwo anamuuza kuti womaliza wapezeka. Namano anavina yekha pakati pa matebulo. Nkhope ya munthuyo sanaione, chifukwa lamulo linali lakuti wofufuza azilandira tizidutswa tokhala ndi manambala basi.

Sabata yomweyo Mmisiri anasintha. Foni sankayankha, ankangolemba kuti, "Ndatanganidwa, wokondedwa." Atakumana pamsewu anaima patali, dzanja kukamwa, nkhope kumbali. Munthu wolongolola uja ankangogwedeza mutu. Namano atamuyandikira kuti amukumbatire, iye anabwerera m'mbuyo.

Zinamupweteka kwambiri. Kodi walakwanji? Kodi lonjezo lija linali la pakamwa chabe? Mkulu wake, amene anali ndi digiri ya kukayikira amuna, sanachedwe kugamula mlandu. Anati mwamuna akayamba kuyang'ana kumbali ndiye kuti kumbaliko kuli munthu.

Namano analira mpaka maso kutupa. Kenako analemba kuti, "Ngati watopa nane, ingondiuza." Yankho linabwera lalifupi: "Dikira Lachisanu." Basi, anadziwa kuti Lachisanu ndi tsiku lomusiya.

Lachisanulo linalinso tsiku lotolera tizidutswa. Bokosi la tizidutswato linachedwa kufika, ndipo Namano, amene mutu wake sunali pamalo, anaiwala lamulo n'kulowa m'chipinda cha anesi osagogoda.

Pampando panagona munthu wamtali, kukamwa yasaa, pachifuwa atamupachika kapepala kolembedwa 20.

"Iwe!"

Mmisiri anayesa kulankhula koma kapulasitiki kanamutsekereza, mawu anangotuluka ngati a mwana wophunzira kuyankhula. Anesi atamuchotsa kapulasitikiko, Mmisiri anapukuta pakamwa mwamanyazi.

"Ndikanakuuza ukanandiletsa. Ndipo fungo lake, mayi wanga ine! Ndinkaopa kuti ukangolimva undithawa."

Namano anaseka misozi ikutsika. Masabata awiri onse ankalirira munthu amene ankamusungira tizilombo m'kamwa! Anamumenya kakhofi paphewa, kenako anamugwira dzanja osafunanso kulisiya.

Anesi anawayang'ana onse awiri, kenako anatulutsa fomu. Anakumbutsa Mmisiri kuti pepalalo linafunsa ngati ali pachibale ndi wofufuza aliyense, ndipo iye analemba kuti ayi. Ngati ananama, tizidutswa take titayidwa, ndipo anthu sakwananso makumi awiri. Namano anatembenukira kwa Mmisiri.

"Sindinaname, mayi," anatero Mmisiri. "Tizidutswato mwatseka kale m'bokosi?"

Anesi anatseka chivindikiro, namata pepala pamwamba pake.

Pamenepo Mmisiri anatsika pampando n'kugwada pa simenti, kapepala kake kakulendewerabe.

"Tsopano ndikufuna yankho la pafomu lija lisinthe. Ukhale mkazi wanga."

Namano anawerama kuti amupsompsone, koma mphuno inamubweza panjira.

"Ndavomera ndi mtima wonse," anatero akupukuta misozi. "Koma anesi, chonde, mubwerekeni mswachi mwamuna wangayu."