Nsalu Imene Ndinatenga Mumtolo

Alongo anga a Mildred ndinawaona komaliza ali moyo pa siteji ya basi ku Petauke, atanyamula thumba la mchele, akubwelela kumudzi ku Msanzala.

"Iwe Jethro, ndijambuleko. Kamela ndinakugulila ndine, koma nkhope yanga siidziwa."

"Filimu ikusowa m'masitolo, asisi. Yatsalayi ndi ya sabata ya kanema ku Nyimba. Ndidzakujambulani mukabwelanso."

"Kuumila ngati atate ako," anatelo akuseka, nakwela basi.

Patapita masabata atatu malungo anawatenga. Chibadwile anali asanajambulidwepo.

Zimene ndikulemba apa n'zoona. Bambo Sitali, amene ankayendetsa galimoto ya kanema ya boma, anaziona ndi maso awo, ndipo akali moyo.

Nditasiya koleji ya uphunzitsi ku Chipata, abale onse ananditcha chitsilu, kupatula a Mildred. Mwina n'chifukwa chake ndinkaona ngati za iwo n'zanganso. Kwathu munthu akamwalila, zovala ndi zofunda zake zimamangidwa mumtolo umodzi, ndipo palibe amazikhudza mpaka tsiku lozigawa. Ndinkadziwa. Koma chiswe chinali chitadya nsalu imene ndinkapachika kumbuyo kwa ojambulidwa. Ndinamasula mtolo wa a Mildred amama ali kumunda, n'kutengamo nsalu ya pabedi, yobiliwila ya maluwa oyela. Ndinadziuza kuti munthu woti anafika kukoleji sangaope nsalu.

A Mildred anasiya mwana wa zaka zisanu, Olipa. Chichokele malilo sankadya. Amama anati ndipite naye, mwina kanema amuiwalitse.

Ku Nyimba kunkazizila, mphepo ikununkha utsi wa lupsa. Kanema ankaonetsa pabwalo la sukulu sabata yonse, ndipo anthu a ku Ndake ankabwela pa njinga atavala majekete a kutchalitchi. Ine ndinkajambula masana mpaka jeneleta italila. Nsalu ndinaikhomela ndi misomali pakhoma la njelwa.

Woyamba anali tcheyamani wa Chipani. Ataima pansaluyo anakweza mapewa.

"Mnyamata, kumsanaku kukuzizila bwanji?"

"Ndi Juni, bambo. Kwezani chibwano."

Nsaluyo inkanunkha mafuta amene a Mildred ankadzola. Dzuwa likawomba, fungo linkakula.

Tsiku lachitatu ndinapeza Olipa atatsamila nsaluyo, tsaya lili pamaluwa.

"Amalume, na ine."

Anamwetulila, koyamba chichokele malilo. Ndinadina.

M'mawa mwake ndinatsuka zithunzi m'kachipinda kosungilamo zinthu, mabulangete ali pawindo, tochi nditaikulunga pepala lofiila. A Sitali analowa kudzaonelela. Olipa anali mtulo m'galimoto yawo.

Chithunzi cha tcheyamani chinatulukila m'beseni pang'onopang'ono. Kumbuyo kwake nsalu inali itatukuka, ngati munthu waima mkati mwake.

Mphunzitsi wina, chimodzimodzi. Mayi wa ku Ndake, chimodzimodzi, koma chotukukacho chitasendela pakati.

"Mphepo," ndinatelo.

"Pakhoma la njelwa mphepo ilowela kuti?" a Sitali ananong'ona.

Ndinaviika pepala lotsiliza, la Olipa. Tsitsi. Maso. Kumwetulila kuja.

Kenaka mapewa.

Pamapewa panali manja awili, ochokela m'nsalu. Chala chachikulu cha kumanzele chinali ndi chipsela cha chikwakwa. Chilonda chimenecho a Mildred ndinawamanga ndine tili ana.

M'chipindamo fungo la mankhwala linatha. Munatsala mafuta aja.

"Nsaluyi ndi ya ndani?"

Ndinawauza. Sanandikalipile. Anatsegula chitseko n'kuthamangila kugalimoto. Olipa anali atatentha ngati mbaula, akunjenjemela, koma akumwetulilabe.

Kanema wa tsiku limenelo a Sitali anamusiya. Kuchipatala cha Petauke Olipa anamubaya jekeseni, koma thupi silinazizile. Tinafika ku Msanzala dzuwa likulowa. Amama anamvetsela zonse ali chiimile, mwana ali kumsana.

"Mlongo wako wamuitana ndiwe," anatelo motsitsa mawu. "Wamupeza mwana wake, ndiye amusiya bwanji? Bwezela. Nsalu, ndi chilichonse chimene nsaluyo ikuonekamo."

Ndinapinda nsalu. Ndinaikamo zithunzi zonse, cha tcheyamani chomwe, ndi filimu yake. Amama anamanga mtolo ndi mfundo zitatu.

"Palibe chatsala?"

"Palibe, amama."

Chinalipo. Ku Nyimba ndinali nditadula kachidutswa kamodzi ka filimu, ka Olipa, n'kukaika m'thumba la malaya. Padziko lonse a Mildred anali pamenepo pokha. Manja okha, koma awo. Ndinati ndiwayang'ane kamodzi padzuwa, ndipepese, kenaka ndibwezele.

Olipa anamwa phala supuni ziwili. Amama anati kutentha kukutsika. Ndinagona dzanja lili pathumba.

Kutacha ndinapita kuseli kwa nkhokwe. Nkhuku zinali zisanatsike. Kunali zii. Ndinakweza kafilimuko kudzuwa.

Manja aja sanali pamapewa.

Anali atapingasa pachifuwa cha mwanayo, monga amachitila mayi pofuna kunyamula. Mapazi a Olipa sankagunda pansi.

Ndinathamanga. Pabwalo ndinagundana ndi a Sitali, ndipo ndinawaonetsa. Anayang'ana, navula chipewa.

"Fulumilani," anatelo.

M'nyumba ndinagwada pamtolo. Mfundo yoyamba inamasuka. Yachiwili inalimba, zala zanga zitauma ndi chisanu. Ndinaikoka ndi mano.

Kuchipinda chinacho amama anaitana dzina la mwanayo. Anaitananso, mokweza pang'ono. Kachitatu sanaitane.

Olipa tinamuika kumanzele kwa amayi ake Lachiwili, pa 27 Juni 1978.