Makina Amene Ankasoka Kumanda

Chimene chinayamba kumudabwitsa Filomena sichinali kusowa kwa njinga ya alamu ake a Laston. Njinga zimasowa, makamaka kuno kumalire kumene wakuba akangopalasa pang'ono wafika kale ku Zambia. Chodabwitsa chinali chakuti mwini njingayo sanakuwe. A Laston, munthu woti nkhuku yawo ikachedwa kulowa m'khola mudzi wonse umadziwa, anangokhala pakhonde akusenda mtedza n'kumati, "Yapita basi, nanga titani."

Zinachitika chaka chimene kunayamba kumveka za makuponi a feteleza, m'mudzi wina cha ku Kapondo, mlendo atangofika kumene. Mlendoyo anali mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Luwiza, ndipo ankagona kunyumba ya aphunzitsi. Ankati akuchita kafukufuku wofuna kudziwa ngati timabizinesi ta kumudzi timamutulutsadi munthu mu umphawi, kapena timangomusendeza pang'ono kuti apume. Ankayenda khomo ndi khomo ndi kawailesi kojambula mawu, n'kumafunsa kuti muli ndi chiyani, munayamba bwanji, chimakubwezerani m'mbuyo n'chiyani.

Njinga itapita, kunatsatira wailesi ya a Laston omwewo. Kenako mbuzi za mnzawo, a Jonasi, ndiponso malata amene a Jonasiwo anaunjika kuseri kwa nyumba podikira kufolera. Zonse zinkasowa usiku. Khola linkapezeka lotseka bwinobwino, ndipo agalu a m'mudzimo, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, sanauwepo.

Filomena sankauzidwa zambiri chifukwa anali mtengwa, kwawo kunali ku Mavwere. Mwamuna wake Enoki, amene anali telala, anamwalira dzinja la dzana, n'kumusiyira mwana wamkazi Madalo ndi makina osokera opalasa ndi mapazi. Achibale anawafuna makinawo, koma Enoki anali atanena akudwala kuti, "Amenewa ndi khasu la Madalo, asachoke pakhomo pano." Filomena anadziphunzitsa yekha, akumasula malaya akale n'kuwasokanso, mpaka makolo anayamba kumubweretsera nsalu za yunifolomu. Makinawo ndiwo ankamukhazika pamudzipo. Popanda iwo akanamanga katundu n'kubwerera kwawo chimanjamanja.

Tsiku limene Luwiza anafika pakhomo pake, anamupeza akusoka. Anakhala pamkeka, n'kuika kawailesi kaja pakati pawo.

"Kodi alipo amene amakuthandizani pantchitoyi, mayi?"

"Ndili ndekha, achemwali. Mwini wake anagona uko." Analoza ndi mlomo kumsitu wa kumanda, mitengo yokhayo imene inatsala yosadulidwa kuderalo.

Pofuna ulusi anatsegula kadirowa ka makinawo, ndipo Luwiza anaona tinsalu tobiriwira todulidwa kale, topindidwa pamodzi.

"Iyi ndi diresi ya Madalo," anatero Filomena. "Bambo ake anaidula sabata imene anayamba kudwala. Anaidula yayikulu dala, akuti akulire momwemo. Ine ndikaigwira manja amalema, ndiye imangokhala."

Pasanapite nthawi kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo, ndipo Filomena anakagona kusiwa ndi amayi anzake, Madalo ali kumsana. Atabwerako m'mawa anapeza loko ali m'malo mwake. Anatsegula, n'kuima pakhomo osalowa. Pamene pankakhala makina panangotsala timaenje ta miyendo yake pansi pozira, ndi kachidutswa ka ulusi woyera. Nsalu za yunifolomu za eni ake zinali pampando, palibe anazigwira.

Esitere, mkazi wa a Laston, anabwera akuthamanga atamva kulira. Anamukokera m'kati n'kutsitsa mawu.

"Amake Madalo, kodi munawatchula makinawo m'kawailesi ka mtsikana uja?"

"Ndinawatchula. Nanga amafunsa."

"Ndi zomwezo. Azibambo akunena kuti chilichonse chimene mwatchula m'menemo chimatsata mawu ake usiku. Musauze munthu kuti ndanena ndine."

Usiku umenewo kunali mwera, mphepo yozizira ija imene imalowa pansi pa chitseko n'kumagwedeza lawi la koloboyi. Filomena anazimitsa n'kugona chagada, maso ali kudenga limene sankaliona. Kunja mapesi ouma ankakhulana pampanda. Mphepo italekeza pang'ono, anamva kaphokoso kutali, kochepa ngati nkhululu. Anadzutsa mutu. Sikanali nkhululu. Tcheke, tcheke, tcheke, kenako tcheketcheketcheke, kanthawi ndithu, n'kukhala chete kwa nthawi imene munthu amatembenuza nsalu, n'kuyambiranso. Kankachokera kumsitu kuja.

Chimene chinamuopsa kwambiri ndi kapalasidwe kake. Iye ankapalasa modukizadukiza, poopa kukhotetsa msoko. Enoki ankayamba pang'onopang'ono ngati munthu wofunsa njira, akaipeza n'kuthamanga osapuma mpaka kumapeto kwa nsalu. Amene ankasoka kumandako ankasoka choncho. Filomena anakokera Madalo pachifuwa, n'kufunda bulangeti mpaka kumutu, koma bulangeti silitseka makutu.

Usiku wotsatira kanamvekanso, ndipo ulendo uno anamva ambiri. Pamjigo amayi ankalankhula mitu ili pamodzi. Wina anati Enoki wadzatenga zake chifukwa mkazi wake anaziulula kwa mlendo. Wina anati ayi, mtsikana wa kawailesi uja akugwiritsa ntchito akufa, ndiwo mabizinesi amene akufufuzawo. Mayi wina analumbira kuti anamvanso mbuzi ikulira pakati pa mitumbira, kulira kwake kosakhala kwa mbuzi yamoyo. Filomena akafika, nkhani inkaduka, zidebe zokha n'kumalira.

Makolo nawo anayamba kubwera. Sukulu inali pafupi kutsegulira.

"Pepani mayi, tingotenga nsalu yathu tikapereke kwa telala wa pa Kapondo," anatero bambo wina, maso ali kumbali. "Sikuti tikukukayikirani. Koma nsalu ya mwana isamakhale m'nyumba imene mukuchitika zoterezi."

Filomena anawapatsa. Mulu wa pampando uja unkaphwa tsiku ndi tsiku, ndipo usiku uliwonse makina ake ankagwira ntchito kumalo kumene iye sakanatha kupondako. Kumanda salowako munthu wamba popanda maliro, makamaka mkazi. Amene amalowako ndi adzukulu, okumba manda aja, ndipo mkulu wawo anali a Laston.

Mantha akakhalitsa amatopa, munthu n'kuyamba kuona. Tsiku lina pakagolosale Filomena anaona Esitere akugula mabatire, n'kuwabisa msanga m'chitenje. Mabatire a chiyani, wailesi inasowa? Madzulo ake anaona a Jonasi atasenza mtolo wa kholowa wa mbatata, chakudya cha mbuzi, akudzera kuseri kwa dimba, pomwe khola lawo munalibe ngakhale kamwana ka mbuzi. Anawatsatira ndi maso mpaka analowa m'mitengo ija. M'mawa mwake anapita kukatola nkhuni m'mbali mwa kanjira ka kumanda, ndipo pamchenga anaona mzere wa tayala la njinga, wolowa wopanda wotuluka.

Anatula nkhunizo n'kulunjika kunyumba ya aphunzitsi. Anamupeza Luwiza atakhala pakhonde, nkhope itagwa, chifukwa makomo ambiri anali atayamba kumutsekera.

"Achemwali, ndifunse. Mukamaliza kufunsa anthu, mudzagawa chiyani?"

"Palibe, mayi. Ine ndine mwana wa sukulu. Ndikalemba zimene ndapeza kuti ena awerenge, basi."

"Makuponi a feteleza sadzera kwa inu?"

"Ayi ndithu. Ndani wanena zimenezo?"

"Palibe wanena, koma aliyense wamva. Kuno mlendo akamafunsa kuti uli ndi chiyani, ndiye kuti akusankha wolandira ndi womanidwa. Chaka cha njala chija amene anali ndi njinga anadumphidwa pa chimanga, ena mwa iwo tinawaika. Anthu sanaiwale."

Luwiza anatembenuzatembenuza kawailesi kake m'manja.

"Ndiye zonse zimene andiuza ndi zabodza?"

"Umphawiwo ndi woona, achemwali. Angothirako mchere kuti muumve bwino. Koma mcherewo wandidyera makina anga."

Lamulungu, mapemphero atatha, Luwiza anapempha kuti alankhule panja pa tchalitchi. Ananena momveka kuti iye sagawa kanthu, salemba maina a makuponi, ndipo amene ali ndi njinga kapena mbuzi sataya chilichonse pomuuza. Anapepesa kuti sanafotokoze bwino pofika. Azibambo ankangoyang'ana zala za kumapazi.

Kutacha Lolemba, mbuzi za a Jonasi zinali m'khola, zonenepa kuposa kale. Malata anali kuseri kwa nyumba. Wailesi inkaimba pakhonde la a Laston, ndipo Esitere ankauza aliyense wodutsa kuti Mulungu ndi wamkulu, akuba aja agwidwa ndi chisoni.

Makina anafika dzuwa litalowa, a Laston ndi a Jonasi atawanyamula uku ndi uku, atawakulunga m'masaka. Anawaika pa timaenje tawo tija. A Jonasi anatuluka osatsanzika.

"Mlamu, musatitengere kumtima," anatero a Laston, chipewa chili m'manja. "Tinkaopa kuti khomo limodzi la makina lichotsetsa mudzi wonse pa makuponi. Tikanakuuzani mukanakana. Kiyi winayo anandisungitsa ndi malemu."

"Kukana ndikanakanadi. Koma alamu, kubisa n'kwina. Nanga kumandisokera usiku, kuti ndiziyesa m'bale wanu wadzuka? Mwana wa m'bale wanu yemweyo akugona m'nyumba muno?"

A Laston anatembenuka. Anayang'ana kukhomo, kumene mdima unali utafika kale pakhonde, n'kutsitsa mawu mpaka kunong'ona.

"Ine kulowetsa ulusi pasingano sinditha, mukudziwa. Jonasi ndiye kaya. Tsiku lomwe tinawatenga ndinachotsa ichi, kuti wina asawaseweretse n'kuwononga."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa lamba wa makinawo, wachikopa, wokulungidwa ngati njoka yogona. Filomena anatukula saka n'kusuzumira pagudumu. Panalibe lamba. Popanda lamba, ungapalase mpaka miyendo kutupa, singano siyenda.

"Wakhala m'thumba muno masiku onsewa," anatero a Laston. "Ifenso timamva, mlamu. Mbuzi timakazipatsa chakudya dzuwa lisanalowe, n'kuthawako. Ngakhale mtsikana uja akanapanda kulankhula, makinawa tikanawabwezabe ndithu. Palibe amene amafunanso kuwayandikira."

Atapita, Filomena anayatsa koloboyi. Anachotsa masaka aja limodzi limodzi. Makinawo ankanunkha chinyezi cha masamba owola, koma pasingano panali ulusi wobiriwira, pomwe iye anasiyapo woyera. Anaima kanthawi dzanja lili pa kadirowa, akumva kupuma kwa Madalo pamphasa. Kenako anakoka.

Tinsalu tija munalibe. Munali diresi, yosokedwa yonse, manja ake olowetsedwa bwino popanda khwinya, mpendero wake wowongoka ngati wojambula. Anaitembenuza kuti aone kuseri kwa khosi. Enoki chovala chilichonse akamaliza ankabwereza msoko pamenepo n'kusiya kamtanda kakang'ono ka ulusi, akuti kuti chovala chidziwe kwawo. Kamtandako kanalipo.

Sanakuwe. Anakhala pampando, diresi ili pamwendo, mpaka mafuta anatha m'koloboyi. Ankadikira kuti mantha abwere, koma chimene chinabwera chinali china, chofanana ndi mmene ankamvera kale akamaphika kuseri, makina akulira pakhonde. Kumsitu kuja kunali zii, mphepo yokha.

M'mawa anamuveka Madalo. Diresi imene inadulidwa yayikulu dala inamukwana ndendende, ngati wosokayo anamuyeza dzulo.

Luwiza anabwera kudzatsanzika tsiku lomwelo, chikwama chili kumsana. Anapeza lamba atabwerera pagudumu, ndi nsalu za yunifolomu zingapo zitabwereranso pampando. Madalo ankazungulira pabwalo kuti diresi iuluke. Luwiza anamuyang'ana mwanayo, n'kuyang'ana Filomena.

"Mwaimaliza tsopano? Yakongola bwanji! Manja aja analeka kulema?"

Filomena anamwetulira pang'ono. Anaika phazi popalasira, n'kulichotsanso.

"Achemwali, kawailesi kanu kaja kali pafupi? Paja munandifunsa ngati alipo wondithandiza, ine n'kuti ndili ndekha."

"Ee, ndikukumbukira."

"Pamenepo mukafufutepo."