Galimoto ya Asibweni Yadzola Kobula

Olipa anaima pabwalo, chisanza chili m'manja, maso ali pa galimoto ya asibweni ake. M'mawa galimotoyo inali yabuluu. Tsopano inkaoneka ngati mwana amene wadzola mafuta n'kukagubuduka paphulusa.

Asibweni a Haswell, alongo awo a mayi ake, anali atafika nayo dzulo lake kuchokera ku Chipata. Inabwerera ntchito imodzi yokha: kudzanyamula Mainess, mkulu wake wa Olipa, kupita naye kutchalitchi ku boma pa tsiku la ukwati wake, lomwe linali mawa lake. Galimotoyo ankaikonda kuposa mimba yawo, ndipo mimba yawo ankaikonda ndithu. Ngakhale popita kukagula mbuzi ya ukwati anabwereka njinga, ati mbuzi ilibe ulemu pampando. Ponyamuka anasiya mawu: "Aliyense aione ndi maso. Manja akhale m'thumba."

Koma Olipa anali ndi mbiri. Ku Mphamba konse kunalibe khonde lowala ngati la kwawo. Kobula wopaka pansi ankapanga yekha, kusungunula makandulo m'chitini n'kuthiramo parafini. Tambala akakwera pakhondepo ankayamba ndewu ndi chithunzi chake. Ndiye ataona fumbi la msewu pagalimoto paja, mtima unamunong'oneza kuti, simenti imandimvera ine, nanga chitsulo n'chiyani? Ankafuna kuti akuchimuna akaone kuti kwa Mainess kuli anthu odziwa kuwalitsa zinthu.

Anapaka kobula uja mosaumira, denga, zitseko, ndi m'mbali mwa magalasi momwe. Dzuwa la Okutobala linachita mbali yake. Phula la makandulo lija linasungunuka n'kuyamba kuyenderera ngati mamina. Kenaka kunadutsa kamvuluvulu kochokera kumunda, kanasiyapo fumbi, makoko a mtedza ndi nthenga za nkhuku. Dzuwa litapendeka, zonsezo zinauma gwa.

Olipa anathira madzi a pachitsime, madziwo anangotsetsereka. Anapukuta ndi chisanza, litsiro linangofalikira. Mantha akamugwira munthu, nzeru zimathawira kumapazi. Olipa anatapa mchenga, natola chitsononkho, nayamba kukwecha chitseko chakumbuyo monga amakwechera poto wopserera. Phula linachokadi pamalopo, koma linachoka ndi penti yomwe. Panatsala mizere yoyera ngati pakanda mphaka.

Belu la njinga linalira kumsewu, mbuzi inayankha. Olipa anathawira kuseri kwa nkhokwe.

A Haswell anazungulira galimoto yawo. Azimayi amene ankasenda anyezi kuseri kwa nyumba anabwera mmodzimmodzi, mipeni ili m'manja.

"Evelina," anaitana mlongo wawo, mawu ali pansi. "Pamudzi pako pano pali munthu wa nsanje. Awa ni mankhwala, adya penti yonse. Galimoto yanga siingaonekele kutchalitchi telemu. Nibwelela nayo ku Chipata m'mawa."

"Adumbu, nanga mwana?" a Evelina, mayi ake a Olipa, anafunsa mlongo wawoyo.

"Njinga zilipo zambili mu Lundazi."

Olipa anasuzumira pampata wa nsungwi. Anaona Mainess ataima pakhomo, tsitsi lolukidwa theka, chipeso chili m'mutu. Sanalire. Anangoti, "Palibe kanthu, asibweni. Nizamanga velo m'chiuno kuti isakodwe mu sipoko." Atatero anayang'ana pansi.

Mawu amenewo ndi amene anamutulutsa Olipa. Anapita kukagwada patsogolo pa asibweni ake, nayika chitini chija pansi.

"Si mankhwala, asibweni. Ni kobula. Ndine."

A Haswell ananyamula chitinicho, nanunkhiza. Anakanda galimoto ndi chikhadabo, nayang'anitsitsa chimene chinatuluka.

"Kandulo," anatero. "Galimoto yanga waiyesa khonde."

Mayi wina anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Olipa analakalaka nthaka itang'ambika.

"Ukanakhala chete, nikanapita nayo ku Chipata kukaipala yonse. Kandulo amachoka. Nyamuka, ntchito ni yako. Ine nizakhala pampando."

Galimoto ija anaikankhira pansi pa mtengo wa mango. A Haswell anakhaladi pampando n'kumalamula ngati kapitawo wa pamsewu. Madzi akhale ofunda, oti chigongono n'kupirira, osati owira. Sopo akhale wamadzi wotsukira mbale, chifukwa ndiye amadula mafuta. Nsalu ikhale yofewa, ndipo a Evelina anatulutsa matewera akale amene Olipa yemweyo anavala ali khanda, zomwe azimayi aja sanalephere kuzilengeza.

"Yamba wathila madzi ambili kuti mchenga utsike wokha. Usakhule. Nyowetsa nsalu, uyale pamalopo, phula lifewe, ndiye upukute kumodzi. Nsalu ikada, tenga ina."

Pomwe phula linaunjikana, Olipa ankalitukula pang'onopang'ono ndi chivundikiro cha pulasitiki. M'mipata ya zitseko ndi m'mbali mwa magalasi ankalowetsamo mswachi wakale. Malo ena ankaoneka oyera akadali onyowa, akauma chifunga chija n'kubwereranso, iye n'kuyambiranso. Zala zinachita makwinya, msana unawawa. Azimayi anabweretsa anyezi awo pafupi kuti asaphonye kanthu.

"Olipa, ukatsiliza ubwele upake na ng'ombe zanga, zikawale kudibi," anatero a Ennie, oyandikana nawo nyumba.

Olipa sanadzutse mutu. Mainess anabwera mwakachetechete ndi ketulo ina ya madzi ofunda, naiika pambali pake.

Dzuwa lisanalowe, buluu uja anabwerera. A Haswell anatulutsa polishi weniweni wa galimoto m'buti, namuonetsa: kadontho kochepa, pamthunzi, kupukuta kasanaumitse. Galimoto inawala mpaka masamba a mango ankaonekamo. Koma pachitseko chakumbuyo mizere ija inakana. Polishi anaipitirira, iyo ili pompo.

"Apa sopo safikapo," anatero a Haswell.

"Tizamangapo maliboni," anatero a Evelina mofulumira.

"Maliboni amange kwina. Apa pakhale poonekela. Olipa ndiye azatsegulila mkwatibwi chitseko ichi, ndipo wofunsa azamuyankha ni iye."

M'mawa mwake galimoto inafika patchalitchi, hutala ikulira, nthungululu zili ponseponse. Olipa anatsegula chitseko, Mainess anatsika velo ili mbee, yopanda banga la girizi. Anthu atayamba kulowa, azakhali a mkwati, mayi wamagalasi wochokera ku Lusaka, anaima nawerama pachitseko paja.

"Galimoto yabwino chonchi, anaikanda ndani?"

Olipa anayang'ana asibweni ake. Iwo anali kalikiliki kukonza tayi, ngati sakumva.

"Ndine, amama. Ninakwecha na mchenga."

"Mchenga? Chifukwa?"

"Ninaopa kukamba kuti nalakwitsa."

Mayiyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, kenaka analowa m'tchalitchi. Olipa anatseka chitseko bwinobwino ndi manja awiri. Atatembenuka anapeza ena atatu akubwera, maso awo ali pachitseko pomwepo, ndipo anaimirira mowongoka kuwadikira.