Tsiku Logulitsa Nsanja

Mtembo wa dokotala wa timu unapezeka Lolemba nthawi ya 1:40 masana, m'kachipinda kothandiziramo osewera ovulala, kuseri kwa bwalo la basiketibolo. Mayiyo anagona chammbali pakati pa bedi ndi kabati ya mankhwala. M'khosi mwake munali lamba wa mphira, uja osewera amakoka polimbitsa minofu.

Inspekitala anafika 2:05. Pa zaka makumi awiri ndi zitatu zimene anafufuza milandu, anazolowera kuyamba waima pakhomo osakhudza kanthu. Anaona tiyi wosatha m'kapu, magalasi pansi, ndi kabokosi ka inki ya chidindo kali chitsegulire patebulo.

"Amwalira nthawi yanji?" anafunsa.

"Pakati pa 12 ndi 1 koloko," anayankha Sajeni, mayi amene ankagwira naye ntchito. "Osewera onse anali kokadya kutsidya kwa msewu. Kamera ya m'khonde inafa mwezi watha. Amene wawapeza ndi kochi watsopano."

Kochiyo anali pabenchi m'khonde. Ntchitoyi anali ataigwira masabata atatu okha.

"Ine ndimangofuna bandeji, bwana," anatero motsitsa mawu. "Muno aliyense akuyenda monyang'ama. Mwini timu sachedwa kuchotsa munthu. Chaka chino ine ndine kochi wachitatu."

"Amene munalowa m'malo mwake anachotsedwa chifukwa chiyani?"

Kochi anayang'ana uku ndi uku. "Madala? Anakana zogulitsa Nsanja, katswiri wathu wamtali uja. Timu ina yaikulu ikumufuna, ndipo msika wa osewera ukutsekedwa lero 5 koloko. Zambiri kafunseni kumtunda. Musanene kuti mwamva kwa ine."

Kumtunda kunali ofesi ya Manijala, yokhala ndi zenera lalikulu loyang'ana pabwalo. Manijala anali munthu waukhondo, wa jekete yomanga mabatani onse ngakhale kunkatentha. Analinso mkamwini wa mwini timu.

"Dokotala ndinawaona komaliza Lachisanu," anatero. "Lero ndakhala muno chifikireni, foni ili kukhutu. Sindikufuna kuloza munthu chala, koma tsiku limene Madala amachoka anakuwa m'khonde kuti muno mufa munthu. Ndipo Nsanja wakangana ndi dokotala m'mawa uno. Aliyense wamva."

"Masewero mwaimitsa?"

"Sitingathe, bwana. Nthumwi ya timu yogula ikubwera 4 koloko kudzamuona mwanayo komaliza. Apongozi anga salola kuti zilephereke."

Pofika 2:55 apolisi anali atamubweretsa Madala. Chipinda choonera mavidiyo a masewero ndicho chinasanduka chofunsiramo anthu. Madala anali bambo wa imvi, wamawondo otha, ndipo anakhala pampando movutikira.

"Munanena kuti muno mufa munthu," anatero Inspekitala.

"Ndinanenadi."

"Lero wafa."

"Si amene ndimanena ine." Madala anapukuta thukuta pamphumi. "Kuyambira 11 mpaka 1 koloko ndinali kusukulu ya mdzukulu wanga, kuphunzitsa ana kudunda mpira. Aphunzitsi anayi anandiona. Imbani."

Sajeni anatuluka kukaimba, nabwera akugwedeza mutu kuvomereza.

"Nanga mumanena ndani?" anafunsa Inspekitala.

"Bwana, ine ndili ndi banja. Anthu awa manja awo ndi aatali. Mayi amene wafayu anali wolimba mtima kuposa ine, ndiye taonani pomwe wagona. Ndingokusiyirani funso limodzi. Mwana wa zaka makumi awiri ndi zinayi amakhaliranji pansi pakati pa masewero atagwira pachifuwa?"

Anapempha kuti atulukire khomo lakumbuyo.

Nsanja analowa 3:25, atawerama kuti asagunde mutu pafelemu ya chitseko. Pamkono pake panali zokala zitatu zatsopano. Inspekitala anaziyang'ana kwa nthawi ndithu.

"Wakukala ndani?"

"Mnzanga, polimbirana mpira m'mawa. Kochi anaona."

"Unakangana chiyani ndi dokotala?"

Maso a Nsanja anali ofiira. "Anandiletsa kusewera. Sabata yatha ananditengera kuchipatala, anandimata timawaya pachifuwa. Lero akuti ndidikire zotsatira. Ine ndinati, amayi, lero ndi tsiku langa, mukufuna kunditsekera mwayi? Ndinamenyetsa chitseko. Mawu omaliza amene ndawauza ndi amenewo. Ankanditenga ngati mwana wawo. Kodi amene wawaphayo akadali muno?"

Kochi anatsimikiza za zokalazo, ndipo osewera asanu ndi atatu anati Nsanja anadya nawo limodzi. Anamulola kupita.

Nthawi ya 4:12, Inspekitala ndi Sajeni anali atabwerera m'kachipinda kaja. Mtembo unali utachotsedwa. Kuseri kwa khoma kunkamveka mpira ukudunda ndi nsapato zikulira pathabwa. Mwadzidzidzi foni ya malemu inalira m'kathumba ka pulasitiki momwe apolisi anaisunga. Onse awiri anadzidzimuka. Inspekitala anavala gulovu nayankha.

"Dokotala, mwandidetsa nkhawa," anatero mawu a bambo wina. "Ndakutumizirani zotsatira 11:30, koma simunandiyankhe. Mwamuuza?"

"Muno ndi apolisi. Ndinu ndani?"

Munthuyo anati ndi dokotala wa matenda a mtima. Atamva za imfa analankhula mofulumira. "Mverani bwino. Wosewera wamtali uja ali ndi vuto lalikulu la mtima. Asathamange ngakhale pang'ono. Ukhoza kuima nthawi ina iliyonse. Ali kuti panopa?"

Kuseri kwa khoma wezulo inalira, nsapato zinayambanso.

Inspekitala anathamanga m'khonde. Chitseko choyamba chinali chokhoma. Anazungulira, nakankha chachiwiri ndi phewa.

Nsanja anali pakati pa bwalo, akuthamanga kuchoka mzere uno kukagunda uko n'kubwerera. Kochi anagwira wotchi, ndipo pambali pake panaima nthumwi ya timu yogula ndi faelo m'manja.

"Imani!" anakuwa Inspekitala, nalowa m'bwalo ndi nsapato zake zamsewu. Anamugwira Nsanja malaya. "Khala pansi. Pang'onopang'ono. Usadzukenso."

Nsanja anakhala pathabwa akupuma mobanika. Milomo yake inali itatuwa, ndipo dzanja linapita lokha pachifuwa. Sajeni anali kale pafoni kuitana ambulansi. Osewera ena anaima chilili.

"Chikuchitika n'chiyani?" inafunsa nthumwi. "Munthuyu ali bwinobwino. Dokotala wanu watsimikiza lero lomwe."

Inatsegula faelo n'kuonetsa pepala. Linali chikalata chonena kuti wosewerayo alibe matenda aliwonse. Tsiku lake linali la Lolemba lomwelo. Pansi panali siginecha ndi chidindo cha dokotala, inki yake yofiirira.

"Mwalandira nthawi yanji?"

"12:52, kuchokera ku ofesi ya Manijala."

Inspekitala anatembenukira kwa Sajeni. "Patebulo paja panali inki. Chidindo chenichenicho munachiona?"

"Ayi, bwana. Ndasecha madilowa onse."

Inspekitala anakweza maso. Pazenera lakumtunda panaima munthu, ndipo ataona kuti akumuyang'ana anabwerera m'mbuyo.

Inspekitala ndi Sajeni analowa mu ofesi ya Manijala 4:41. Manijala anali atakhala kuseri kwa tebulo, manja atawabisa pansi pake.

"Munati dokotala munawaona komaliza Lachisanu," anatero Inspekitala, naika chikalata patebulo. "Ichi chadindidwa lero, ndipo mwatumiza ndinu. Anakupatsani bwanji osaonana?"

"Anachisiya pansi pa chitseko."

"Mayi amene 11:30 wauzidwa kuti mtima wa mwanayo ukhoza kuima? Vulani jekete."

"Bwana, ine ndine..."

"Vulani."

Manijala anamasula mabatani. Pathumba la malaya oyera panali banga lofiirira lalikulu ngati chikhatho cha mwana. Sajeni anapisa m'thumbamo natulutsa chidindo chokulungidwa m'kampango.

"Ndimati ndikachitaye," anatero Manijala, "koma apolisi munadzaza paliponse."

"Fotokozani kuyambira pachiyambi."

"Dokotala anandiitana 12:15. Anandionetsa zotsatira pafoni, nati sasaina, ndipo aimbira timu yogula okha. Ndinagwada, bwana. Ndinati dikirani 5 koloko ikwane, mawa munene zonse. Anati mwana wa eni ake safera msika wanga. Anatembenuka kuti atenge foni. Lamba uja anali pabedi." Anaphimba nkhope. "Siginecha yawo ndimaidziwa, ndaiona zaka zisanu ndi ziwiri."

"Zonsezi chifukwa cha malonda a wosewera mmodzi?"

"Apongozi anga simukuwadziwa. Anandinyamula ndili wopanda kanthu. Ntchito ndi yawo, nyumba ndi yawo, mkazi ndi mwana wawo. Madala atandiuza za kukomoka kwa Nsanja ndinakawafotokozera, iwo anati chotsa wokalambayo, ndipo ndinamuchotsa. Lachisanu anandiitana n'kunena kuti mnyamatayu akapanda kupita, ndipita ndine, ndipo ana anga ndizidzawaonera pampanda."

"Munaima pazenerapo n'kumamuona akuthamanga," anatero Inspekitala. "Akanagwa?"

Manijala anayang'ana pansi. "Ndimapemphera kuti akagwere komweko, kwa eni ake atsopanowo. Osati kuno."

Kunja kunamveka ambulansi ikuima pakhomo. Sajeni anatulutsa unyolo, ndipo Manijala anapereka manja osalimbana.

Nthawi inali 4:56 pamene foni ya patebulo inayamba kulira. Manijala anaona nambala, nkhope yonse inasintha. Anadzuka mofulumira mpaka mpando unagwa.

"Ndi apongozi," ananong'ona. "Chonde musayankhe ndili muno. Tiyeni tizipita."