Ankatichapira Zovala

Anselmo Zepeda anayamba kumera imvi asanapatsidwepo gawo lenileni m'sewero. Pa kanema ntchito yake inali kutsegula chitseko n'kunena kuti, "Galimoto yafika, bwana," basi. Anzake oyamba nawo limodzi anali atamanga nyumba mu Mexico City, pomwe iye ankadyabe kwa amayi ake, a Doña Chayo, ogulitsa matamale, chakudya cha ufa wa chimanga chophikira m'makoko, pakona pa msewu. Akaona nkhope ya mnzake pa chikwangwani, mtima unkamuwawa.

Tsiku lina anapita kuseri kwa msika, kwa Don Crisanto, mkulu wa zitsamba ndi makandulo.

"Ndatopa n'kutsegulira anthu zitseko, abambo. Ndikufuna dzina ndi chuma."

"Zimenezo n'zosavuta," anayankha mkuluyo. "Koma ulemu sumera ngati bowa, mwana wanga, umalandidwa kwa wina. Ukafuna gawo, uzinyazitsa m'bale wako pagulu. Gawo likamakula, uzisankha wapamtima."

"Popanda magazi?"

"Magazi ndiwatani ine? Manyazi amapha mwakachetechete."

Anamupatsa kachithumwa koti asokerere m'jekete.

Woyamba anali mng'ono wake, Fidencio, wachibwibwi. Pa ukwati wa mng'onoyo, Anselmo anaimirira n'kuyeserera malankhulidwe ake mpaka alendo anagwira nthiti. Fidencio anangowerama. Posakhalitsa Anselmo anapatsidwa gawo la malume woumira m'sewero la pa kanema, ndipo dziko lonse linamukonda. Anagula nyumba ya mpanda.

Gawo lija litatha, analengeza pa wailesi, uku akuseka, kuti mkazi wake Maricruz ndi wosabereka. Maricruz analongedza katundu n'kuchoka. Magawo anachuluka, koma Anselmo anasiya kudziyang'ana pagalasi akamamupaka zodzola.

Kenako kunamveka za sewero lalikulu la pasiteji. Don Crisanto anamupeza yekha pageti.

"Watsala ndi ndani?"

"Amayi ayi, abambo. Tengani nyumbayi."

"Nyumba ndili nayo. Kapena ukufuna kubwerera kuzitseko?"

Mawa lake atolankhani anazungulira Anselmo pakhomo pa holo ya masewero. A Doña Chayo anafika atanyamula poto, epuloni ili m'chiuno, namuitana ndi dzina lake la paubwana.

"Chemo, mwanawe, ndakubweretsera matamale akadali otentha."

"Mayiwa ndi ndani?" anafunsa mtolankhani wina.

Anselmo anayankha kuti, "Ankatichapira zovala kalekale. Mutu sukuwayenda bwino."

Mayiwo anayang'ana mwana wawo. "N'zoona, bwana," anauza mtolankhaniyo. "Ndinkawachapira." Anaika poto pansi n'kumapita.

Gawolo analipeza. Koma a Doña Chayo sanatulukenso m'nyumba, ndipo chakudya ankangochikankha. Atamwalira, Fidencio anaimirira pakhomo la siwa n'kuuza mkulu wake, osachita chibwibwi ngakhale pang'ono, "Muno mukulowa abale okha."

Tsiku lotsegulira sewero, holo inadzaza. Anselmo anatulukira pasiteji, naona maso onse aja ali pa iye. Mawu anamuthawa. Anaphimba nkhope ndi manja, nakhala pansi n'kuyamba kupempha, "Musandiyang'ane, chonde, musandiyang'ane." Anthu anaseka poganiza kuti ndi sewero, mpaka anzake anabwera kudzamunyamula.

Lero ali ku chipatala cha amisala. Amakhala atatembenukira kukhoma, ndipo amadya pokhapokha anamwino atatuluka m'chipinda.

Dyera limayamba kudya a m'nyumba mwako, n'kumalizira iwe. Ndi bwino kusauka amayi ako akukutchula dzina, kusiyana n'kuomberedwa m'manja ndi dziko lonse ulibe poika nkhope.